NBA 2K yatsopano, NBA 2K14 kapena Basketball GM: iti ikuyenera kompyuta ya m'chigwa cha Shire?

Munthu wofuna kusewera basketball ya akatswiri a NBA pa kompyuta alibe zosankha zambiri masiku ano. Kampani ya EA Sports, yomwe ambiri kuno timaidziwa chifukwa cha FIFA, inali ndi gemu yake ya NBA Live, koma yomaliza kutuluka pa kompyuta inali NBA Live 08, ndipo magemuwo anathera pa NBA Live 19 mu 2018. Yatsala ndi NBA 2K ya Visual Concepts, yomwe inayamba mu 1999 n'kufika pa kompyuta mu 2008. Motero mkangano weniweni uli pakati pa 2K yatsopano ndi 2K yakale, ndipo pambali pali Basketball GM, yomwe ndi ya mtundu wina. Kwa ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nkhaniyi sigamulidwa ndi kukongola kwa zithunzi ayi, koma ndi kutentha, magetsi ndi bandulo.

Yatsopano ndi imene anthu amaiona pa YouTube n'kuyamba kuilakalaka, ndipo sakulakwitsa. Kuyambira 2K21 mpaka 2K24, osewera pa kompyuta ankagulitsidwa gemu yofanana ndi ya PlayStation 4 pamene anzawo a PlayStation 5 ankasewera yamakono. Zinasintha mu September 2024 pamene NBA 2K25, yokhala ndi Jayson Tatum pachikuto, inafika pa kompyuta ndi zonse za makina atsopano, kuphatikizapo ProPLAY, njira yotengera mayendedwe a osewera kuchokera m'makanema a masewero enieni. NBA 2K26 ya mu 2025, ya Shai Gilgeous-Alexander, yapitiriza pomwepo. Chimene chimandikoka ine kwambiri ndi gawo la MyNBA, momwe mumatenga timu imodzi mwa matimu 30, n'kuiyendetsa m'masewero 82 a chaka, ndipo mungathe kuyambira ligi m'nthawi ya Magic Johnson ndi Larry Bird, ya Michael Jordan kapena ya Kobe Bryant, malamulo ndi mayunifolomu zikumasintha pamene zaka zikupita. Muli matimu a amayi a WNBA, omwe analowa mu 2K20. Pa nkhani ya basketball yeniyeni, palibe gemu ina yoposa imeneyi.

Mavuto amayamba mukawerenga zimene imafuna. NBA 2K25 imafuna malo okwana 150 GB pa SSD, RAM yosachepera 8 GB, ndi graphics card yonga GTX 960 kapena RX 570, ndipo zimenezi n'zongoti gemu itseguke. Malaputopu ambiri a kaunjika amene anthu amagula ku Limbe ndi ku Blantyre anapangidwira ntchito za mu ofesi, alibe graphics card yapayokha, ndipo sangainyamule ngakhale mutatsitsa chilichonse. Kukoka 150 GB ndi bandulo ya pa foni muli ku Bangula kapena ku Ngabu n'kuwononga ndalama, ndipo gemuyo imapitiriza kufuna ma update akuluakulu chaka chonse. Njira yanzeru ndi yoti mugule pa Steam, sitolo ya magemu a kompyuta ya pa intaneti, kenako mukopere mafayilo ake pa hard drive kwa mnzanu amene ali nayo kale, kapena mukakokere kumene kuli wifi mukakwera kumtunda. Steam imazindikira mafayilo okoperedwa n'kungowonjezera ochepa osowa. Mtengo wake ikangotuluka ndi pafupifupi madola 70, oti mulipire ndi khadi ya kubanki m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja, ngakhale kuti umatsika kwambiri pakapita miyezi ingapo. Dziwaninso kuti Steam imabweza ndalama ngati simunadutse masiku 14 ndipo simunasewere kupitirira maola 2, choncho yesani gemuyo tsiku lomwelo.

Kutentha nakonso sikoseweretsa. Mu October ndi November, ku Nchalo ndi ku Ngabu kumadutsa madigiri 40, ndipo kompyuta ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Zikatero zithunzi zimayamba kudukiza, ndipo mu 2K kudukiza n'koipa kusiyana ndi mu FIFA, chifukwa kuti mpira ulowe muyenera kusiya batani pa kamphindi koyenera. Kompyuta ya patebulo yokhala ndi graphics card imadya mawati 200 kapena 300, pamene chaja ya laputopu wamba ndi ya 45 kapena 65. Aliyense amene anaona momwe magetsi anavutira namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 akudziwa kuti kusiyana kumeneku n'kwakukulu: laputopu imapitiriza ndi batire yake kapena ndi sola yaing'ono, koma ya patebulo imazima kota isanathe.

Palinso nkhani ya MyCAREER, gawo lomwe achinyamata ambiri amagulira gemuyi, momwe mumapanga wosewera wanu n'kumukweza mpaka atakhala katswiri. M'magemu atsopano gawoli limafuna intaneti nthawi zonse, ndipo wosewera wanu amakula ndi VC, ndalama ya m'gemu yomwe mumaipeza pang'onopang'ono kapena kuigula ndi ndalama zenizeni. Kukumana pa intaneti ndi anthu amene anagula VC, inu muli pa netiweki yochedwa, n'kudzipweteka mtima chabe. Choipitsitsa n'chakuti 2K imatseka ma server a gemu iliyonse pakangotha zaka ziwiri ndi miyezi yochepa. A 2K23 anatsekedwa kumapeto kwa 2024. Zili ngati kulima munda wobwereka: mwini wake akabwera, zonse munabzala zimatsalira momwemo. Magawo osafuna intaneti, monga MyNBA ndi Play Now (momwe mumangosankha matimu awiri n'kusewera), ndi amene amakhalabe anu.

NBA 2K14, ya mu 2013, yokhala ndi LeBron James ali ku Miami Heat, ndi yosiyana pa zonsezi. Sifika ndi 10 GB yomwe, imakwana pa fulashi, ndipo imayenda pa malaputopu ambiri a mu ofesi popanda fani kulira ngati ikufuna kuuluka. MyCAREER yake imaseweredwa popanda intaneti, gawo la Association limakulolani kuyendetsa timu zaka zambiri, ndipo muli matimu a ku Ulaya a Euroleague. Ndi mu 2K14 momwe munayambira Pro Stick, kuti kandodo kakumanja ka padi kazigwira ntchito yopiringiza ndi yoponya mpira, choncho zala zimene mungaphunzitse pano zidzakuthandizani mukadzafika pa yatsopano. Anthu awiri okhala pakhonde madzulo ndi mapadi awiri, kota iliyonse ya mphindi 5, amatha masewero atatu batire isanathe, ndipo kusewera kotereku n'kumene ambiri timafuna.

Ukalamba wake suoneka pa nkhope za osewera pokha. Ligi yake ndi ya 2013/14: Charlotte idakali Bobcats, Stephen Curry sanatenge chikho ndi chimodzi chomwe, Giannis Antetokounmpo ndi mwana wongofika kumene ku Milwaukee, ndipo Joel Embiid, Nikola Jokić ndi Victor Wembanyama mulibemo. Matimu amasewera kwambiri pansi pa dengu monga zinalili nthawi imeneyo, osati kuponya za mapointi atatu mosalekeza ngati lero. Anthu okonda gemuyi m'maiko ena amakonza ma mod a mayina, nkhope ndi mayunifolomu atsopano, ndipo ena ndi abwino ndithu, koma sasintha ubongo wa gemu. Vuto lalikulu ndi kaipezedwe: sigulitsidwanso pa Steam, ndipo zambiri zimene zimayenda m'mafulashi ndi zobedwa, zina zonyamula mavairasi. Ngati laputopuyo ndi yomwe mumasungira ntchito za kusukulu kapena mawerengero a bizinesi, funafunani DVD yeniyeni yogwiritsidwapo kale ntchito.

Basketball GM sifuna padi, ndipo simuona munthu akudumpha. Ndi yaulere, imatsegulidwa mu browser, ndipo inu mumakhala mkulu wa timu: mumasankha achinyamata pa draft, mumasinthana osewera ndi matimu ena, mumasamala malipiro kuti asadutse malire, kenako kompyuta imawerengera zotsatira. Imadya bandulo yochepa kwambiri ndipo imayenda pa kompyuta iliyonse, ngakhale pa foni. Ligi yanu imasungidwa mu browser momwemo, choncho muziitulutsa n'kuisunga padera, chifukwa woyeretsa browser angakufufutireni zaka 20 za ntchito. Amene amadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti aone zigoli za NBA adzaikonda. Wofuna kupiringiza mnzake n'kumuseka adzaitseka msanga.

Maganizo anga ndi akuti pa laputopu wamba ya kuno, 2K14 ndiyo yoyenera, ndipo Basketball GM ikhale yothandizira masiku amene bandulo ndi batire zachepa. Yatsopano igulidwe ndi munthu amene ali ndi graphics card, SSD ndi magetsi odalirika, ndiponso amene akuigulira MyNBA ndi kusewera ndi anzake m'nyumba, osati MyCAREER. Ameneyo adikire mtengo utsike, asathamangire mwezi wa September. Kwa onse a 2K, padi ndi yofunika kuposa china chilichonse, pakuti kiyibodi singathe kuchita bwino zimene Pro Stick imachita. Padi ya Xbox imagwira pa Windows mukangoilumikiza, pamene zotchipa za USB za m'mashopu nthawi zina zimafuna kapulogalamu ka x360ce kuti mabatani akhale m'malo mwake. Laputopu muziikweza pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa kunsi, musaiike pa matilesi, ndipo fani yake muziipukutitsa fumbi mwezi wa October usanafike.