Kuno ku Scotland mutu saumwa: za wisiki ndi kusiyana kwake

Munthu akamanyamuka kuno ku Scotland kubwera kumudzi, pa zomwe abale amapempha sipalephera botolo la wisiki, ndipo dzina lake limakhala lomwelomwelo: Johnnie Walker, makamaka Black Label. Ndi mowa wabwino ndithu. Koma eni dziko kuno akafuna kukuthirirani safunsa dzina, amafunsa ngati mumakonda wautsi kapena wotsekemera. Kukoma kwa wisiki kwagona pa mbewu yomwe anafululira, utsi womwe unaumitsa chimera, ndi mgolo womwe anagonamo. Mtengo ndi zaka zimabwera pambuyo.

Amene anaonako kutcheza kachasu theka la nkhaniyi akulidziwa kale. Barele, mbewu yofanana ndi tirigu, amamuviika m'madzi masiku awiri, n'kumuyala kuti amere kwa masiku pafupifupi 5, monga timachitira ndi chimera cha thobwa. Akaumitsa chimeracho amachigaya, kuthiramo madzi otentha kuti shuga atuluke, kenako yisiti. Pakapita masiku awiri kapena atatu pamakhala mowa wa mphamvu pafupifupi 8%, womwe amautcheza kawiri m'miphika ikuluikulu ya kopa. Pa ulendo wachiwiriwo ndi pomwe timasiyana nawo. Kwathu mutu ndiwo wamtengo, akuluakulu amachita kuulimbirana. Kuno mutu sulowa mumgolo, chifukwa ndiwo umatuluka ndi zinthu zonunkha ngati mankhwala ochotsera penti. Amaubweza mumphika pamodzi ndi madontho ofooka a kumapeto, n'kutenga wapakati yekha, wa pafupifupi 70%. Ameneyo amakhala woyera ngati madzi. Kufiira mumakuona kuja kumachokera makamaka mumgolo.

Lamulo la 2009 likunena kuti mowawu sungatchedwe Scotch usanakhale zaka 3 mumgolo wa mtengo wa oak wosaposa malita 700, muno mu Scotland momwemo, ndipo m'botolo usachepere 40%. Mawu oti single malt akutanthauza chimera cha barele chokhachokha, chotchezedwa pa fakitale imodzi. Blended, monga Black Label kapena Famous Grouse, ndi wosakaniza: ma single malt angapo ndi wisiki wopepuka wa tirigu kapena chimanga. Nambala ya zaka ndi ya wisiki wamng'ono kwambiri mwa osakanizidwawo, ndiye 12 wa pa Black Label akutanthauza kuti mulibe dontho losakwana zaka 12. Blue Label wa Johnnie Walker yemweyo, ndi kudula konse kuja, alibe nambala ya zaka. Musanamizidwenso ndi mtundu, poti lamulo limalola kuthiramo shuga wopsereza kuti mowa uoneke wakuda.

Utsi umachokera ku peat, dothi lakuda la zomera zowolerana m'madambo, lomwe amalidula ngati zidina, kuliumitsa, n'kulisonkhezera pansi pa chimera chikadali chachinyezi. Kwawo kwenikweni kwa wisiki wotere ndi chilumba cha Islay. Laphroaig wa zaka 10 amanunkha ngati mankhwala opaka pachilonda osakaniza ndi phulusa, moti womulawa koyamba amaganiza kuti botolo lawonongeka. Ardbeg wa zaka 10 ndi 46%, utsi wake ndi waukali koma pansi pake pali kakomedwe ka mandimu. Ife mtima uli pa Lagavulin wa zaka 16: utsi wakhazikika, uli ngati wa kampango wowamba bwino, ndipo umatsalira kukhosi nthawi yaitali. Si onse a ku Islay ali ndi utsi, Bunnahabhain wa zaka 12 ndi wofatsa. Wofuna kuyamba pang'onopang'ono ayese Talisker wa zaka 10 wa pachilumba cha Skye, 45.8%, utsi wapakatikati ndi kuyabwa ngati tsabola, kapena Highland Park wa ku Orkney yemwe utsi wake wasakanikirana ndi uchi.

Ku Speyside, m'mbali mwa mtsinje wa Spey komwe kwadzadza mafakitale ochuluka kuposa dera lina lililonse, ambiri sagwiritsa ntchito peat, choncho mgolo ndiwo umalamula. Migolo yambiri ndi kaunjika wa ku America. Kumeneko lamulo limati wisiki wawo wotchedwa bourbon alowe mumgolo watsopano wowauliridwa mkati, ndiye ukagwira ntchito kamodzi amaugulitsa, a kuno n'kugula. Mgolo wotere, wa malita pafupifupi 200, umapereka kakomedwe ka vanila, uchi ndi maapozi, monga mu Glenfiddich ndi Glenlivet a zaka 12. Migolo ina ndi ya malita 500 yochokera ku Spain, momwe munali vinyo wa sherry. Imeneyo imatulutsa wisiki wakuda, wolemera pakamwa, wokoma ngati keke ya ukwati ya zipatso zouma: Glenfarclas, Aberlour, Macallan. Apa tinene mosabisa, pa Macallan ndalama zambiri mukulipira dzina. Glenfarclas wa zaka 15 amakupatsani za sherry zomwezo pa mtengo wotsikirapo kwambiri.

Zaka zambiri sizitanthauza kukoma kwambiri. Chaka chilichonse pafupifupi 2% ya mowa imauluka kudzera m'matabwa, eni ake amati ndi gawo la angelo, n'chifukwa chake wa zaka 25 amadula: watsala wochepa. Mumgolo wotopa, womwe wagwira ntchito kangapo, ngakhale zaka 18 mowa umatuluka wozizira, pomwe mumgolo waukali ukakhalitsa umayamba kuwawa ngati mwatafuna khungwa. Ndipo ukangolowa m'botolo wasiya kukula. Wa zaka 12 yemwe mwamusunga m'kabati kuyambira 2010 akadali wa zaka 12.

Za maiko ena tidutse mwachangu. Bourbon ndi mowa wa chimanga, osachepera 51%, ndipo chifukwa cha mgolo watsopano uja amatsekemera kuposa Scotch wambiri. Maker's Mark amaonjezera tirigu, ndiye ndi wofewa. Jack Daniel's amamusefa m'makala asanalowe mumgolo. Jameson wa ku Ireland amatchezedwa katatu, n'chifukwa chake amatsetsereka pakhosi, koma wofuna kumva Ireland yeniyeni alawe Redbreast wa zaka 12, wa barele womera ndi wosamera pamodzi. Abale a ku Joni musaderere Bain's wa ku Wellington, kufupi ndi Cape Town: ndi wa chimanga chokhachokha cha ku South Africa komweko, wopepuka, woyenera masiku otentha a Okutobala.

Pa kamwedwe ndi pomwe mabotolo abwino amaonongekera. M'mabala a kuno muyezo ndi 25ml kapena 35ml, ndipo pambali amaika kajagi ka madzi. Nunkhizani kaye, lawani pang'ono, kenako donthezani madzi osaposa theka la supuni ya tiyi. Madziwo amachepetsa kuotcha n'kumasula fungo. Ayisi wambiri amapha fungo lomwe mwalipira. Wofuna kuthira Coca-Cola agule blended wotchipa monga Red Label, amene amayenera kusakaniza. Wisiki wa 46% kupita m'mwamba nthawi zambiri sasefedwa mozizira, ndiye mukathira madzi amachita chifunga. Ameneyo si wachinyengo, ndi mafuta a mbewu omwe sanachotsedwe. Achipatala kuno amalangiza kusapyola mayunitsi 14 pa sabata (yuniti imodzi ndi muyezo wa 25ml uja wa wisiki wa 40%), pomwe botolo la 70cl la 40% lili ndi mayunitsi 28.

Chiwerengero chomwecho ndicho chimaika mtengo. Kuyambira 2018 boma la Scotland linakhazikitsa mtengo wotsikitsitsa wa mowa, ndipo mu Seputembala 2024 unakwera kufika 65p pa yuniti, choncho palibe sitolo ingagulitse botolo lotere pansi pa £18.20. M'masitolo mowa amagulitsa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku basi. Pandege, mowa wapakati pa 24% ndi 70% umaloledwa malita 5 pa munthu m'chikwama chachikulu, uli m'botolo lake losatsegula, ndipo za msonkho wa pabwalo la ndege ndi nkhani ina. Botolo likafika kunyumba liimikeni chilili pamthunzi, osaligoneka ngati vinyo, chifukwa mowa waukali chonchi umadya chitsekerero mpaka kunyenyeka. Kwa bambo kapena malume omwe anazolowera Black Label, tengani Highland Park wa zaka 12 kapena Green Label, yemwe ndi wa chimera chokhachokha cha zaka 15. Laphroaig musapereke mphatso kwa munthu yemwe sanamulaweko.