Kampani younika chiopsezo cha moto pamalo athu odyera: woyendera waluso, lipoti lofooka

Ndili ndi malo ang'onoang'ono ogulitsira chakudya m'tauni ina ku England, pansi pali khitchini ndi matebulo ochepa, pamwamba pali zipinda zomwe mwini nyumba amachititsa lendi. Kwa zaka zingapo nkhani ya moto sinkandidetsa nkhawa, popeza pakhoma panali zozimitsira moto ndipo alamu inkalira tikaiyesa. Amene anandigalamutsa ndi a inshuwaransi, omwe analemba kalata yofuna kuona lipoti la kauniuni wa chiopsezo cha moto, chinthu chomwe ndinalibe. Apa ndi pamene ndinalemba ganyu kampani ina yogwira ntchito imeneyi.

Lamulo loona za nkhaniyi ku England ndi Wales ndi Fire Safety Order ya 2005, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2006 ndi kuthetsa ziphaso zomwe ozimitsa moto ankapereka kale. Kuyambira pamenepo udindo uli pa munthu amene lamulo limamutcha responsible person, kutanthauza wolemba anthu ntchito, mwini malo kapena amene akuwayang'anira. Poyamba mabizinesi ambiri okhala ndi antchito osakwana 5 sankakakamizidwa kulemba zomwe apeza, koma moto wa pa Grenfell Tower, nyumba yosanja yogonamo anthu ku London, mu Juni 2017, womwe unapha anthu 72, unachititsa kuti malamulo akhwime. Kuchokera pa 1 Okutobala 2023, potsatira lamulo la chitetezo cha nyumba lotchedwa Building Safety Act ya 2022, aliyense ayenera kulemba kauniuni yense, ngakhale akhale ndi wantchito mmodzi. Ine kusintha kumeneku kunandidutsa osakudziwa.

Woyendera amene anatumizidwa anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, ndipo anatha pafupifupi maola awiri. Sanayambire pa zozimitsira moto monga ndinkayembekezera, koma anaima pa chitseko cha pakati pa khitchini ndi kanjira kopita pa masitepe, chomwe tinazolowera kuchichirikiza ndi ndowa kuti onyamula mbale asamavutike. Anachotsa ndowayo n'kuchisiya kuti chidzitsekere chokha, koma chinakaima chisanafike pa felemu. Kenako anachikankha, natulutsa kandalama ka paundi imodzi n'kukalowetsa mu mpata wa m'mbali, ndipo kanalowa mogwedera. Anafotokoza kuti mpata umenewu uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 3, ndipo kuti chitseko chamtunduwu chinapangidwa kuti chitchinge moto kwa mphindi 30, koma chikakhala chotsegula sichisiyana ndi khoma lobooka. Timizere ta m'mphepete mwake, tomwe timafufuma tikatenthedwa n'kutseka mpata, tinali titasupuka mbali ina.

Kukhitchini anatsegula kachitseko ka chumuni chokoka utsi pamwamba pa mbaula, napalasa mkati ndi chala, n'kundionetsa mafuta akuda oundana ngati phula. Ife tinkatsuka masefa okha sabata iliyonse, m'kati mwa chumunimo simunalowepo dzanja la munthu, chonsecho ndi mmene moto wa m'makhitchini ambiri umayenda n'kukatulukira kudenga. Pafupi ndi chokazingira panapachikidwa chozimitsira cha madzi, chomwe anati n'choopsa kuposa kukhala opanda kanthu, chifukwa madzi akagwera m'mafuta oyaka amamira, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza moto ponseponse. Pamalo otere pamafunika cha chizindikiro chachikasu, chopangidwira mafuta ophikira, pamene cha chizindikiro chakuda, cha mpweya wa carbon dioxide, ndi choyenera pa zamagetsi. Za khomo lakumbuyo ndichita nazo manyazi: panali loko, makiyi ali m'thumba mwanga, ndipo m'kanjiramo tinaunjikamo makatoni.

Chomwe chinandionetsa kuti bamboyu ntchito akuidziwa ndi funso lake lakuti kodi pamwamba pamagona anthu. Ine ndinkaona kuti alendi aja si nkhani yanga, koma iye anati munthu amene ali mtulo ndiye ali pachiopsezo chachikulu, popeza utsi umamupeza asanadzuke. Anapeza bowo kudenga pomwe panadutsa paipi koma osamatidwa, komanso kuti alamu yathu sinkamveka m'zipinda zam'mwambazo. Lamulo limafuna kuti anthu ogawana nyumba imodzi, monga ine ndi mwini nyumba, azigwirizana pa nkhani zoterezi.

Mbali yogwetsa ulesi ndi lipoti. Linafika patatha masabata atatu, nditachita kukumbutsa kawiri, ndipo linali la masamba ambirimbiri omwe zikuoneka kuti amangowakopera kwa kasitomala aliyense, mpaka ndime ina inkanena za chikepe pomwe nyumba yathu ilibe chikepe. Mndandanda wa zoyenera kukonza, womwe ndiwo mtima wa lipotilo, anauika kumapeto, ngakhale ndivomere kuti unasanjidwa bwino kuyambira zofunika kuchita msanga. Pamodzi ndi lipotilo panabweranso mitengo ya zozimitsira moto ndi zikwangwani zogulitsidwa ndi kampani yomweyo, zomwe zinandichititsa kukayika ngati zonse zomwe analemba zinali zofunikadi, chifukwa wounika amene alinso wogulitsa n'kovuta kumukhulupirira kotheratu. Zozimitsirazo ndinakagula kwina.

Amene akuganiza zolemba kampani yotere adziwe kuti kulipira katswiri sikumuchotsera udindo. Ozimitsa moto akabwera kudzayendera, amene amafunsidwa ndi mwini bizinesi, ndipo ali ndi mphamvu zolamula kuti zolakwika zikonzedwe kapena kuletsa kuti malowo agwiritsidwe ntchito, pamene pa milandu ikuluikulu khoti likhoza kugamula chindapusa chopanda malire kapena ukaidi wofika zaka 2. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha BAFE SP205, chotsimikizira kuti kampani ili ndi luso lounika chiopsezo cha moto, kapena ngati woyenderayo ali m'kaundula wa bungwe la akatswiri a za moto la Institution of Fire Engineers, zomwe ine ndinafunsa ntchito itachitika kale.

Panopa alamu timaiyesa sabata iliyonse ndipo nyale zadzidzidzi, zija zimayaka magetsi akathima, mwezi uliwonse, n'kulemba m'buku lomwe limakhala pafupi ndi kauntala. Chumuni chinatsukidwa, loko uja anachoka ndipo pakhomopo tinaikapo chotsegulira chongokankha. Nthawi yobwereza kauniuni ikakwana ndidzaitananso kampaniyi pokhapokha atatumiza bambo yemweyo ndi kulonjeza lipoti lalifupi lonena za nyumba yathu yokha. Za bowo la kudenga lija, mwini nyumba ndamulembera makalata awiri ndipo ndikudikirabe yankho.