Bass boost kapena mafyuluta: chabwino n'chiti m'galimoto?

Bass boost, yomwe imakweza mawu otsika (besi) pa wailesi kapena ampulifaya, ndi yophweka: mukangoikweza, besi imamveka pompo. Koma kukweza ndi 3 dB kokha (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu) kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuchokera ku ampulifaya, ndipo masipika a m'zitseko amayamba kusasa mawu, ena kupsa kumene.

Mafyuluta, omwe amasankha mawu opita ku sipika iliyonse, amafuna kudekha. Ikani HPF (fyuluta yotchinga mawu otsika) pa 80 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu) kuti masipika a m'zitseko asamalimbane ndi mawu otsika kwambiri, kenaka LPF (fyuluta yotchinga mawu okwera) pa 80 Hz pomwepo kuti mawu amenewo apite ku subwoofer (sipika ya besi) yokha. Besi imatuluka yolimba, ndipo woimba amamvekabe bwino ngakhale mukweze voliyumu. Ine ndimasankha mafyuluta. Ngati mulibe subwoofer, tsitsani HPF ifike pa 60 Hz, apo ayi nyimbo zimveka zopanda thupi.