Nyenyezi 4 pa 5: pa demurrage (ndalama zolipira kontena ikachedwa padoko) yatithandiza zedi, koma ETA yake (tsiku lomwe imati katundu afika) musamaikhulupirire kwambiri

Ndemanga zambiri zomwe ndaona za pulogalamu iyi yotsatira makontena oyenda pa sitima anthu akungoyamikira mapu aja oonetsa sitima ikuyenda panyanja, pomwe kwa ife amene makontena ndi ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku mapuwo ndi kanthu kakang'ono kwambiri pa zomwe ili nazo. Ife ndi kampani yaing'ono ya ma ejenti, muofesi tilimo ochepa, makasitomala athu ambiri ndi oitanitsa katundu kunja, ndipo taigwiritsa ntchito kwa nthawi ndithu moti ndikhoza kunena zabwino ndi zoipa zomwe.

Kale zinkayenda chonchi, uyu ali ndi Excel yake uyo ali ndi yakenso, mapepala ena ali mu imelo ena pa WhatsApp, m'mawa uliwonse munthu kumalowa pa webusaiti ya kampani iliyonse ya sitima kumalemba nambala ya kontena imodziimodzi kuti aone yafika pati. Ukakhala ndi katundu pa makampani angapo nde m'mawa wonse wapita basi. Pano timangoika nambala ya bill of lading (chikalata chomwe kampani ya sitima imapereka ikalandira katundu) kapena ya booking (yosungitsira malo m'sitima) kamodzi, zina zonse imakoka yokha nkuziika pa tsamba limodzi lomwe aliyense muofesi akuliona. Funso lija lakuti "kodi fayilo ya kontena ija ili ndi ndani" linatha.

Koma chomwe ndaipatsira nyenyezi zinayi ndi nkhani ya demurrage ndi detention. Amene muli mu ntchitoyi mukudziwa kuwawa kwake. Kontena ikatsitsidwa padoko kampani ya sitima imakupatsa masiku ochepa aulere, akatha umayamba kulipira tsiku lililonse ndipo nthawi zambiri mtengo wa patsiku umakwera masiku akamachuluka, imeneyo ndiyo demurrage, ukaitulutsa padoko pali masiku enanso owerengedwa oti ubweze kontena yopanda kanthu, ukachedwa ndi ndalama zinanso, imeneyo ndiyo detention. Vuto ndi lakuti masiku aulerewa samafanana, kampani iyi ndi ina, doko ili ndi lina, ngakhale kasitomala uyu ndi uyo kutengera zomwe anagwirizana, nde kuwasunga m'mutu sizitheka. Pulogalamuyi imawerengera kontena iliyonse payokha, masiku akatsala pang'ono imatumiza uthenga pafoni ndi pa imelo, ndipo kontenayo imasintha mtundu pa tsamba moti olo munthu waulesi bwanji aiona basi. Kuyambira pomwe tinayamba kuigwiritsa ntchito mikangano ija ya "alipire ndani, inu kapena ife" ndi makasitomala yachepa kwambiri chifukwa uthenga womwewo timawatumizira iwonso nthawi yomweyo, palibe amene anganene kuti sanauzidwe. Chenjezo langa ndi limodzi, masiku aulerewo mumalowetsa nokha poyamba, mukalowetsa olakwika idzakuwerengerani zolakwika mokhulupirika kwambiri.

China chomwe sindinkayembekezera kuti ndichikonda ndi momwe imagwirira zolakwika za m'mapepala. Nambala ya kontena imakhala ndi zilembo 4 ndi manambala 7, ndipo nambala yomalizayo imachokera pa masamu a zinazo malinga ndi muyezo wa manambala a makontena wotchedwa ISO 6346, nde munthu akaphonya kamodzi polemba imakana pompo. Zikuoneka zazing'ono eti, koma nambala imodzi yolakwika pa chikalata ikhoza kuimitsa katundu kwa a kasitomu uku masiku aulere akutha. Imayerekezanso invoyisi, packing list (mndandanda wa zomwe zapakidwa) ndi draft ya bill of lading, kulemera kukasiyana kapena chiwerengero cha makatoni chikapanda kugwirizana imakuuza chikalata chisanatuluke, pomwe kukonza sikunayambe kulipiritsidwa. Pa HS code, nambala yomwe a kasitomu amadziwira mtundu wa katundu, imangoona ngati manambala 6 oyambirira alipodi pa mndandanda, siingakuuzeni ngati ndi yoyenera katundu wanuyo, pamenepo mutu wa munthu ukufunikabe. Kwa otumiza katundu imakumbutsanso za VGM, komwe ndi kulemera kotsimikizika kwa kontena, paja kuyambira pa 1 July 2016 malamulo a chitetezo cha panyanja a SOLAS amati kontena yopanda kulemera kotsimikizika isakwezedwe m'sitima, ndipo nthawi yotsekera VGM imakhala yosiyana ndi yotsekera mapepala ena kapena yolowetsera kontena pageti, zonsezi imaziika pamzere umodzi. Apa zili bho.

Tsopano nyenyezi yomwe ndachotsa ija.

ETA yake abale. Amaitsatsa ngati imalosera bwino kuposa makampani a sitima eni ake, koma ine zomwe ndaona ndi zakuti pa ulendo wolunjika, doko ili kukafika doko ilo, imayesetsa ndithu, koma katundu akangodutsira padoko losinthira sitima monga zimakhalira ku Singapore, Colombo kapena Jebel Ali imasokonezeka. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mapu aja amatenga malo a sitima kuchokera ku AIS, kachipangizo komwe sitima zikuluzikulu zimaulutsira pomwe zili, nde chomwe mukuona ndi sitima osati kontena yanu. Kontena ikasiyidwa padoko chifukwa sitima yadzaza kapena ulendo wa sabata imeneyo wachotsedwa, inu mumangoonabe kasitima kakuyenda bwinobwino pa mapu mpaka kampani ya sitima itatumiza uthenga wakuti sinakwezedwe, ndipo ena amachedwa nawo uthengawo. Zili ngati kuonerera basi ikunyamuka uli ndi chikhulupiriro kuti thumba lako lili momwemo pomwe latsala pansi. Zatichitikirapo kuti tinauza kasitomala tsiku potengera pulogalamuyi, iye nkukonzeratu thiraki ndi anthu otsitsa, kenako tsiku nkusuntha ndi sabata yathunthu. Vuto lenileni lili ku uthenga womwe imalandira, ndikuvomereza, koma bwanji osangoika chizindikiro chakuti "kontenayi sitinatsimikize kuti yakwera"? M'malo mwake imaonetsa tsiku molimba mtima ngati ikudziwa.

Ndipo panyanja zinthu zimasintha mwadzidzidzi, tonse tikukumbuka sitima ya Ever Given itatseka ngalande ya Suez mu March 2021 kwa pafupifupi sabata, komanso kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinasiya kudutsa Red Sea nkumazungulira ku Cape of Good Hope zomwe zimawonjezera masiku 10 kapena kuposerapo pakati pa Asia ndi Europe. Zoterezi palibe kompyuta ingalosere, nde amene akugulitsa asamalonjeze zambiri.

Apu ya pafoni ndi yofooka poyerekeza ndi ya pakompyuta, kuona kontena zimatheka koma kukweza chikalata cha masamba ambiri netiweki ikakhala yofooka imangozungulira kenako nkuyambiranso. Othandiza makasitomala ndi aulemu ndipo amayankha, kungoti funso likakhala lovuta amakupatsira kwa wina, winayo nkukufunsanso zomwe unafotokoza kale. Makampani ang'onoang'ono a sitima ena sanalumikizidwe, amenewo timalowetsabe pamanja.

Za bill of lading ya pakompyuta ilimo koma sitinaigwiritse ntchito kwenikweni, osati chifukwa ndi yoipa ayi, koma kuti itheke pafunika kampani ya sitima, banki, wogulitsa ndi wogula onse avomere, mmodzi akakana basi mwabwerera ku mapepala otumiza pa ndege kapena telex release, uthenga wolola kuti katundu aperekedwe popanda pepala lenilenilo. Makampani akuluakulu a mu DCSA, bungwe la makampani a sitima loona za ntchito za pakompyuta, monga Maersk, MSC, CMA CGM ndi Hapag-Lloyd analonjeza mu February 2023 kuti pofika 2030 ma bill of lading awo onse adzakhala a pakompyuta, nde mwina kutsogoloku gawo limeneli lidzayamba kugwira ntchito, pakadali pano kwa ife langokhala.

Musanalembetse afunseni eni pulogalamuyi bwinobwino za kutulutsa deta yanu mukafuna kuchoka. Ine ndinafunsa dala chifukwa pulogalamu ya TradeLens ija ya Maersk ndi IBM, ndi kukula konse kwa eni akewo, inatsekedwa kumayambiriro kwa 2023, nde palibe pulogalamu yomwe ndingaiike mbiri yonse ya makasitomala popanda khomo lotulukira. Iyi imalola kutulutsa mndandanda mu Excel, koma zikalata zomwe munakweza mumatsitsa fayilo imodziimodzi, zotopetsa zedi.

Ndinenenso kwa mabwana amene akuganiza kuti akagula basi ofesi yakonzeka, sizili choncho. Masabata oyambirira kwathu kunali chisokonezo kuposa kale chifukwa ena ankalowetsa mu pulogalamu ena akupitirizabe ndi Excel yawo mwakabisira, zinayamba kuyenda pokhapokha titagwirizana kuti kontena iliyonse ili ndi mwini wake mmodzi muofesi ndipo chomwe sichili mu pulogalamu sitichiwerengera. Ngati mumalandira kontena imodzi kapena ziwiri pa mwezi musavutike nayo, webusaiti ya kampani ya sitima ndi kalendala zikukwanirani. Ngati ndi ambiri ndipo ali pa makampani osiyanasiyana itengeni, koma katundu akamadutsira padoko losinthira muzifunsabe kampani ya sitima ngati kontena yakweradi musanauze kasitomala tsiku.