Ndinakaona bwinja la a Clanranald kuno ku Scotland

Abale anga kumudziko, Loweruka lapitali ndinali pa ofu ndiye mnzanga wa kuntchito, mayi wa konkuno ku Fort William, akuti tiyeni mukaone kwa makolo athu. Ine ndimvekere eya lero tikadya za ulele, osadziwa kuti munthu akunena bwinja. Msewu wake ndi kanjira ka galimoto imodzi, mukakumana wina ayambe wapatuka, mpaka tinafika ku nyanja ya Loch Moidart.

Bwinjalo ndi linga lakale, dzina lake amalemba Castle Tioram koma potchula zimamveka ngati "Chiram", m'chi Gaelic ndiye kuti pouma. Lili pa kachilumba, nyanja ikaphwa mumaoloka wapansi pamchenga, ikabwerera basi mwatsekeredwa konko. Ife a ku Nkhotakota nyanja yathu sipanga zimenezi kawiri pa tsiku, ndiye ndimangoti cheu cheu ngati wakuba nkhuku, mnzangayo kumangoseka.

Yandikhalira m'mutu ndi nkhani ya mayi wina, Amie MacRuari, wa zaka za m'ma 1300. Dera lonselo linali la kwawo. Anakwatiwa ndi John of Islay, mfumu ya zilumba za uko, koma bamboyo ataona mwana wamkazi wa Robert Stewart, yemwe anadzakhala mfumu ya Scotland, anawasiya mayi aja. Amuna inu, kaya! Komabe malo a mayiwo anadzagwera mwana wawo Ranald, mfumu Robert II inavomereza mu 1373, ndipo pfuko la Clanranald linaphukira pamenepo, lingali n'kukhala likulu lawo. Nditamuuza mnzangayo kuti kwathunso munda umatsata kuchikazi, mkamwini amangobwera ndi khasu lake, anayesa ndikucheza.

Mu 1715 mfumu ya a Clanranald, Allan, ikupita kunkhondo ya ma Jacobite, aja ankafuna kubwezera banja la Stuart pampando, akuti inalamula yokha kuti lingalo alitenthe, asilikali a boma asadzakhalemo. Sinabwereko, inakafera ku Sheriffmuir chaka chomwecho.

Panopa denga kulibe, m'kati saloleza kulowa poti miyala imagwa, tinangozungulira kunja ndikugwiragwira khoma lozizira ngati fuliji. Tizilombo tawo tija amati ma midge tinandidya m'khosi monsemu, ndipo pobwerera madzi anali atayamba kale kukwera, nsapato zanga za ku tchalitchi zija mpaka lero zili pa hita.