Miyezi 9 ndi Avogadro ndi Open Babel pa laputopu yakale ku Ulongué

Mu February, chaka cha sukulu chitangoyamba, ndinalemba za laputopu yakale imene ndinagula mumzinda wa Tete, ndipo ndinafotokoza kuti ndinaikamo Linux pamodzi ndi mapulogalamu atatu aulere, Avogadro yojambulira ndi kuonetsera mamolekyulu, Open Babel yosinthira mitundu ya mafayilo awo, ndi xtb yowerengera kaimidwe kawo koyenera, pofuna kuti ophunzira anga a kalasi 11 ndi 12 kuno ku Ulongué, m'dziko la Mozambique, aziona mamolekyulu akutembenuka pa sikirini m'malo mongowaona atagona pa bolodi. Nthawi imeneyo ndinali nditaigwiritsa ntchito milungu iwiri yokha, ndipo ndinkayamikira chilichonse ngati mkamwini wobwera kumene pamudzi. Tsopano papita miyezi 9, mayeso ayandikira, ndipo ndaona kuti chimene chandidyera nthawi yambiri ndi mitundu ya mafayilo imene mamolekyuluwo amasungidwamo, nkhani imene mu February sindinaitchule n'komwe.

Za Avogadro ndilibe zambiri zoonjezera, chifukwa yagwira ntchito monga ndinayembekezera. Phunziro la Química, limene anzathu a tsidya la malire ku Dedza amati kemisitiri, linapepuka tsiku limene ndinaika etanolo ndi dimethyl ether pa sikirini imodzi. Onse awiri ali ndi maatomu ofanana, C2H6O, koma woyambayo amawira pa madigiri 78 pamene winayo amakhala atasanduka kale mpweya pa madigiri 24 pansi pa ziro, ndipo ana atawona pamene okosijeni wakhala mu molekyulu iliyonse sanafunsenso chifukwa chake. Amakondanso kukoka atomu imodzi ya methane ndi mbewa ya kompyuta n'kuisiya, kuti aone pulogalamu ikuibwezera pa ngodya ya madigiri 109.5.

Poyamba ndinkasunga chilichonse mu mtundu wa XYZ, popeza ndi wosavuta kuuwerenga ndi maso. Mzere woyamba umanena chiwerengero cha maatomu, wachiwiri munthu amalembapo chimene wafuna, ndipo mizere yotsatira imakhala ndi chizindikiro cha atomu ndi manambala atatu osonyeza malo ake mu ma angstrom, muyeso waung'ono kwambiri wa utali. Fayilo ya madzi ili ndi mizere isanu basi. Mu April ndinafuna kukonza mafayilo angapo nthawi imodzi, choncho ndinawatsegula mu pulogalamu yowerengetsera ya mizere ndi timabokosi pa kompyuta ya mnzanga, ndinasunga, n'kuwabwezera pa fulashi. M'mawa mwake, pamaso pa kalasi yonse, ndinatsegula madzi ndipo panaoneka mpira umodzi wokha. Ndinautembenuza uku ndi uku kufunafuna mahaidrojeni awiri aja, mpaka mtsikana wina wa pa benchi yakutsogolo anati, "Aphunzitsi, kodi madziwo aphwa?" ndipo kalasi inafa nacho chiseko.

Cholakwa chinali changa, ndipo aliyense wogwira ntchito zimenezi m'dziko lino ayenera kuchidziwa. Kompyuta ya mnzangayo inakonzedwa m'Chipwitikizi, ndipo m'Chipwitikizi timalemba mpatuliro pamene mafayilowa amafuna kadontho, motero 0.757 inasanduka 0,757. Pulogalamu inawerenga mpaka pa mpatuliro n'kusiya zotsalazo, nambala iliyonse inakhala ziro, ndipo maatomu atatu onse anaunjikana pamalo amodzi. Chimene chimandiopsa n'chakuti panalibe chenjezo limene ndinaliona. Pa madzi vutolo linaonekera poyera, koma pa molekyulu yaikulu mukhoza kungoona chinthu chopindika pang'ono n'kuganiza kuti ndi mmene chilili. Kuyambira tsiku limenelo mafayilo amenewa ndimawatsegula mu pulogalamu yolembera mawu wamba yokha.

Vuto lachiwiri la XYZ ndinalizindikira mochedwa. Mtundu umenewu sunena kuti atomu iti yagwirana ndi iti. Open Babel imachita kulingalira poyesa kutalikirana kwa maatomu, ndipo pa mamolekyulu wamba imalondola pafupifupi nthawi zonse, koma chimene fayilo sinasunge palibe pulogalamu imene ingachibweze motsimikiza, makamaka pa ma ion (maatomu kapena mamolekyulu okhala ndi charge ya magetsi) ndi pa milumikizo iwiriiwiri yoyandikana. Open Babel imadziwa mitundu ya mafayilo yoposa 100, ndipo kale ndinkaganiza kuti kusintha kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina kuli ngati kuthira ufa kuchoka m'thumba kupita m'dengu. Ndaona kuti dengu lililonse lili ndi pobooka pake, ndipo munthu ayenera kudziwiratu chimene chitayike.

SMILES ndi imene yathandiza kwambiri kumbali ya ndalama. Njira imeneyi, imene David Weininger anaifalitsa mu 1988, imalemba molekyulu yonse mu mzere umodzi wa zilembo: etanolo ndi CCO, dimethyl ether ndi COC, benzene ndi c1ccccc1. Mzere wotere umakwana mu uthenga wa pa foni, ndipo kwa ife amene intaneti timaigula pang'onopang'ono ngati mchere, chimenecho si chinthu chaching'ono. Ndikalemba obabel, lamulo loitanira Open Babel, n'kutsatiza mzere wa SMILES, kenako --gen3d, molekyulu imatuluka yoimirira bwinobwino popanda kukopera kalikonse. Koma pano napo pali msampha, chifukwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono zimatanthauza zosiyana. C1CCCCC1 ndi cyclohexane, pamene c1ccccc1 ndi benzene, ndipo mafoni ambiri amakulitsa okha chilembo choyamba cha uthenga, kotero ntchito ya kunyumba ya ana angapo inafika ndi benzene wolumala, wa C mmodzi wamkulu kutsogolo. Ndinawauza kuti aziyamba uthenga ndi moni, monga amayenera kuchitira polembera mphunzitsi, ndipo vutolo linatha.

Molekyulu imene tinakhalitsa nayo ndi artemisinin, C15H22O5, ya maatomu 42. Ndinaisankha chifukwa palibe mwana m'kalasi mwanga amene sanamwepo Coartem, ndipo artemether wa m'mapiritsi amenewo amachokera ku artemisinin, mankhwala amene anachititsa kuti Tu Youyou wa ku China alandire mphotho ya Nobel mu 2015. Pa sikirini ana anaona maokosijeni awiri ogwirana okhaokha pakati pa molekyulu, mlumikizo umene mphamvu yopha tizilombo ta malungo imadalira. SMILES yake ili ndi zizindikiro za @ zingapo, zimene zimanena mbali imene magulu a maatomu apenya pozungulira kaboni. Pa kiyibodi ya Chipwitikizi chizindikiro chimenechi chimafuna kudina AltGr ndi 2 pamodzi, ndipo mnyamata wina, ataona kuti chikumuchedwetsa, anangozidumpha zonse. Molekyulu inatuluka ndithu, ya maatomu 42 omwewo, koma popanda zizindikirozo pulogalamu imasankha yokha mbali, ndipo palibe chotsimikizira kuti chotulukacho ndi mankhwala a malungo aja. Phunziro la tsiku limenelo linaposa limene ndinakonzekera.

Chifukwa cha zonsezi, kuyambira mu June ndimasunga molekyulu iliyonse mu mtundu wina wa fayilo wotchedwa SDF, ndipo m'kope la pepala ndimalemba dzina lake ndi SMILES yake. SDF imasunga malo a maatomu, mndandanda wa milumikizo ndi mphamvu yake, komanso ma charge, ndipo fayilo imodzi imatha kunyamula mamolekyulu ambiri olekanitsidwa ndi mzere wa $$$$. Ndiyonso mtundu umene ndimasankha ndikamakopera ku PubChem, nkhokwe ya mamolekyulu ya pa intaneti. Pulogalamu ya xtb, yochokera ku gulu la Stefan Grimme ku Bonn, imalandira SDF ndipo ikamaliza kuwongola molekyulu imabweza zotsatira mu mtundu womwewo, chinthu chimene ndikanachidziwa mu February sindikanavutika ndi XYZ. Pa laputopu yanga artemisinin imatha kuwongoledwa madzi a tiyi asanawire. Choipa cha SDF n'chakuti mu mtundu wake wakale wa V2000 nambala iliyonse ili ndi malo ake oikika mu mzere, choncho kuikonza ndi manja n'kuputa mavuto, ndiponso siipyola maatomu 999.

Mapuloteni tinangowalawa. Hemoglobin, puloteni ya m'magazi ya ma amino acid 574, tinaitsegula kamodzi mu mtundu wa PDB, umene mizere yake ya zilembo 80 imakumbutsa makadi obooleza a makompyuta akale, popeza Protein Data Bank (PDB), nkhokwe ya mafayilo a mapuloteni, inayamba mu 1971. Ana anadabwa kusaona mahaidrojeni, amene mafayilo ambiri ochokera ku X-ray alibe, ndipo laputopu inayamba kuwefuka, ndiye tinatseka.

Laputopu yokhayo yapirira, ngakhale kuti ndaitsegula kawiri. Mu May ndinachotsa hadi disiki yakale n'kuikamo SSD, chosungira mafayilo chothamanga kwambiri, ndinaonjezeranso RAM kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB, ndipo pa zonse zimene ndawonongerapo ndalama, SSD ndiyo sindinong'oneza nayo bondo. Kuzizira kwa kuno ku Angónia kunandibisira vuto lina kwa miyezi yambiri. Mu October ndinatsikira nayo ku Tete, kumene nyengo imeneyo kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo inazima yokha xtb ili mkati mwa ntchito. Nditabwerera kunyumba ndinayala chitenje patebulo, ndinaika tizomangira m'zitsekerero za mabotolo malinga ndi kumene ndatichotsa, ndipo pakati pa fani ndi timizere ta chitsulo totulutsa kutentha ndinapeza fumbi la chilimwe chonse losakanikirana ndi la choko, litagwirana ngati thonje la m'pilo. Ndinalichotsa ndi mswachi wakale nditagwira fani ndi chala kuti isazungulire, ndinapukuta thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) yakale imene inali itauma ngati dothi, n'kupaka yatsopano yochuluka ngati njere ya mpunga. Potseka kanatsala kachomangira kamodzi kamene mpaka lero sindidziwa kwawo, ndipo ndakasunga m'bokosi la machesi.

Batire ndilo likutha. Mu February linkakwanitsa maphunziro awiri otsatizana, koma tsopano magetsi akazima ndimakhala ndi mphindi pafupifupi 40, zimene sizifika kumapeto kwa phunziro limodzi. Sindinasankhe ngati ndigule batire lina kapena ndiyambe ndapeza pulojekita, chifukwa ana a kumbuyo amaimirirabe pa mabenchi kuti aone sikirini. Pakali pano fulashi ya mafayilo a SDF ndaikopera kwa aphunzitsi awiri, wina wa ku Tsangano ndi wina wa ku Dómuè, ndipo pa chikwama chake ndinamata kapepala kowachenjeza kuti asawatsegule mu pulogalamu yowerengetsera.