Oldboy ya Spike Lee: ndaipatsa 2 pa 5

Ndinaikitsa pa flashi kwa anyamata a ku Kapata, chithunzi choyera mawu akumveka bwino, apo sindidandaula. Vuto ndi filimu yeniyeniyo.

Amene simuidziwa, iyi ndi ya 2013, yobwereza ija ya ku South Korea ya 2003 ya Park Chan-wook yomwe inawina mphoto ya Grand Prix pa mpikisano wa mafilimu ku Cannes mu 2004. Chidakwa china achigwira nkuchitsekera m'kachipinda osachiuza mlandu, chakudya kungochilowetsera pansi pa chitseko, tsiku lina angochitulutsa ati pita, basi kuyamba kusaka amene anachita zimenezi. Ya ku Korea zinali zaka 15, apa Josh Brolin akhala 20.

Olemba za mafilimu ambiri anainyoza, ndalama nazo zinalowa m'madzi, anawononga madola pafupifupi 30 miliyoni inabweza ngati 5 miliyoni chabe. Ena amati anaida chifukwa chokonda yakale koma ayi abale, onani ndewu ya hamala ija. Yakale Choi Min-sik amenyana m'kakhonde kothina kamera osadula, munthu watopa akupumira m'mwamba mpeni uli kumsana, iwe woonera mpaka thukuta. Apa Brolin angowagwetsa mmodzimmodzi osatopa nkomwe, sumuopera kalikonse. Mdani wake Sharlto Copley ndiye anandigwetsa ulesi, kalankhulidwe kokometsera mpaka kuseketsa pamene tinayenera kuchita mantha. Yonse ikoma ngati mkute wotenthetsa.

Pomwe ndinaikonda ndi m'kachipinda muja, Brolin anasewera zoona. Apalana ubwenzi ndi kambewa, kenako amubweretsera komweko kataphikidwa pa mbale, iye kukuwa ngati maliro. Alamu anga anangoti "nanga vuto lili pati, ndiwo zabwera", ife akum'mawa kutiopseza ndi mbewa nzosatheka kkkk. Elizabeth Olsen nayenso wayesetsa, Samuel L. Jackson ndi mmene mumamudziwira.

Eni ndalama anaidula kwambiri filimuyi, Spike Lee mwini wake sanalembepo chizindikiro chake cha "A Spike Lee Joint" monga amachitira pa mafilimu ake ena, ndipo kudulako kukuonekera, nkhani ikuthamanga polowera kumapeto.

Ngati yaku Korea simunaione yambani iyo, mawu omasulira pansi muzawerenga chabe. Ndipo zonse ziwiri musaonere ndi ana kapena apongozi pa sitingirumu, chinsinsi cha kumapeto nchochititsa manyazi.